Amalume akuti anaonera Rolling Stones ku Joni: zimbale zawo tigulitse?

Kalata ya sabata ino yabwera pa imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Matawale, konkuno ku Zomba. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mawu ndi ake:

"Achimwene, amalume anga anakhala ku Joni zaka zambiri ndipo pobwerera anabwera ndi thiranki yodzaza zimbale. Zambiri ndi za gulu lija la Rolling Stones. Iwo amati anakalionera gululi ndi maso awo ku Johannesburg, koma ife ana timangoseka, timati ndi nkhani za achikulire. Pano maso awo ayamba kuvuta, gumbagumba yawo inafa kalekale, ndipo kwabwera bambo wina wa ku Blantyre amene akufuna kugula thiranki yonse pamtengo umodzi. Akazi awo akuti zipite, zikungodya malo. Kodi n'zoona kuti gululi linafikako ku Joni? Nanga zimbalezi zili ndi mtengo, kapena tingolandira zimene akutipatsazo?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kuwachotsera amalume chitonzo, chifukwa zimene akunenazo zinachitikadi. Rolling Stones anaimba ku Johannesburg, pa bwalo la Ellis Park, mausiku awiri otsatizana, pa 24 ndi pa 25 Febuluwale 1995. Anali pa ulendo wozungulira mayiko umene anautcha Voodoo Lounge, dzina la chimbale chimene anatulutsa mu 1994. Ndi bwalo lomwe lija limene Nelson Mandela anaperekerapo chikho cha rugby cha dziko lonse kwa timu ya South Africa patangopita miyezi inayi. Ngati amalume anali ku Joni chaka chimenecho, m'thumba muli kandalama ka tikiti, palibe chifukwa chowakayikira.

Ndikufuna muone kukula kwa usiku umenewo kwa munthu wa msinkhu wawo, chifukwa inu amene mwabadwa nyimbo zili kale m'foni simungaumve msanga. M'zaka za tsankho oimba ambiri akunja ankakana kukaimba ku South Africa. Amene anapitako, monga gulu la Queen limene linaimba ku Sun City mu 1984, anadzudzulidwa koopsa. Magulu akuluakulu anayamba kufika momasuka tsankho litatha, ndipo Rolling Stones anafika chaka chisanathe chilowereni Mandela m'boma. Kuno kwathu nakonso zinali zitangosintha kumene, pakuti chisankho cha zipani zambiri tinachita mu Meyi 1994. Amalumewo anakulira m'Malawi momwe mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Mlendo wotsika ndege tsitsi lili m'mapewa ankayamba wametedwa asanalowe m'dziko. Kunali bungwe la boma lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, lokhala ndi mphamvu yoletsa chimene silinakonde. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Mnyamata wokonda nyimbo za anyamata a tsitsi losapesa a ku London ankazimvera pa gumbagumba ya mnzake, mwina ya mphunzitsi amene anakaphunzira kunja, mwina ya wophunzira wa ku Chancellor College, koleji imene inasamukira kuno mu 1973. Chimbale chimodzi chinkayenda nyumba ndi nyumba mpaka kutha. Ndiye munthu woteroyo, atakula, tsiku lina n'kuima m'bwalo lodzaza azungu, akuda ndi amwenye pamodzi, patsogolo pake pali Mick Jagger weniweni, woimba wotsogolera gululi, akuthamanga uku ndi uku. Ine sindinalipo usiku umenewo, ndipo amalume anuwo ndimawasirira ndi mtima wonse.

N'chifukwa chake yankho langa loyamba silikhudza ndalama. Musanakhudze thiranki, khalani nawo pansi amalumewo, tsegulani chojambulira mawu pa foni yanu, muwafunse za usikuwo, ndipo muwasiye alankhule mpaka atope.

Mndandanda wa nyimbo zimene zinaimbidwa pa Ellis Park mutha kuupeza pa intaneti. Okonda gululi m'mayiko ambiri anasonkhanitsa kale zoterezi, shoo iliyonse, tsiku lake ndi nyimbo zake. Chimene simungachipezeko ndi nkhani ya Mmalawi amene analipo. Muwafunse kuti tikiti anaigula bwanji, ndalama yake anasunga miyezi ingati. Anapita ndi ndani? Anakwera chiyani pochoka komwe ankakhala, nanga pobwerera usiku anayenda bwanji mu Joni wa nthawi imeneyo? Abwana awo anawapatsa tchuthi kapena anangozemba? Anzawo a kumudzi amene ankakhala nawo ananena chiyani atamva kuti munthu wataya malipiro pa zoimba za azungu? Ndakhala ndikucheza ndi anthu okonda magulu akalewa, timakumana apo ndi apo Loweruka masana, wina wabwera ndi chimbale, wina ndi mtedza, ndipo ndaona kuti munthu akayamba kufotokoza shoo imene anaonera, nyimbo amazitchula pomaliza. Amayamba ndi mzere wa pa geti, nsapato imene inamupweteka, mlendo amene anamukumbatira nyimbo itafika pamene onse amaidziwa. Zimenezo ndiye zimafa ndi mwini wake. Chimbale chosungidwa bwino chidzakhalapo adzukulu anu atakalamba, koma amalume sitikhala nawo mpaka kalekale.

Pali tinthu tingapo timene mungawakumbutsire. Pa ulendo umenewo nsanja inali ndi chinsanja chachitsulo chachitali chopindika ngati mutu wa njoka, chimene chinkalavula moto. Munthu amene analipo sangachiiwale. Woimba gitala ya besi sanali Bill Wyman, amene anali atachoka m'gululi mu 1993, koma Darryl Jones, munthu wakuda wa ku Chicago. Ng'oma ankaimba Charlie Watts, magitala Keith Richards ndi Ronnie Wood. Koma chonde, musasandutse kuchezako kukhala bwalo la milandu. Akatchula chinthu chimene sichikugwirizana ndi zolembedwa, mwina n'kunena kuti anaona Brian Jones, mmodzi mwa oyambitsa gululi amene anamwalira mu 1969, musawadule pakamwa. Papita zaka zoposa 30, ndipo zimene munthu anaona ndi maso zimasakanikirana ndi zimene anaona pa zikuto za zimbale ndi m'mavidiyo. Jambulani momwe akunenera. Zokonza mudzalemba pambali.

Ndipo pofufuza m'thirankimo muziyang'ana mkati mwa chikuto chilichonse. Anthu a nthawi imeneyo ankabisamo zinthu: kachidutswa ka tikiti, kabuku kamene ankagulitsa pa geti, chithunzi, nkhani yodula mu nyuzipepala, nthawi zina kalata ya chibwenzi. Mukapeza tikiti ya Ellis Park, imeneyo isagulitsidwe, ngakhale china chilichonse chitapita.

Kwa inu amene gululi mumangolimva dzina, mbiri yake mwachidule ndi iyi. Linayamba ku London mu 1962, ndipo shoo yawo yoyamba inali pa Marquee Club pa 12 Julayi chaka chomwecho. Dzina analitenga ku nyimbo ya Muddy Waters, chifukwa anyamatawo ankapembedza nyimbo za blues za anthu akuda a ku America, mpaka mu 1964 anakajambula nyimbo ku situdiyo ya Chess ku Chicago komwe akatswiri awowo ankajambulira. Charlie Watts analowa mu 1963 ndipo anakhala pa ng'oma mpaka imfa yake pa 24 Ogasiti 2021, ali ndi zaka 80. Anzake sanasiye. Mu 2023 anatulutsa chimbale china chatsopano, Hackney Diamonds, Jagger atakwanitsa zaka 80. Okonda gululi akakumana, pali mashoo amene satha kuwakamba: wa ku Hyde Park pa 5 Julayi 1969, patangopita masiku awiri Brian Jones atamwalira, pamene anaulutsa agulugufe oyera, wa ku Altamont ku America mu Disembala chaka chomwecho, pamene mnyamata wina, Meredith Hunter, anaphedwa pafupi ndi nsanja, wa pa gombe la Copacabana ku Brazil mu 2006, kumene kunasonkhana anthu oposa miliyoni, ndi wa ku Havana mu 2016. Onsewa anthu analemba ndi kuwajambula mokwanira. Wa ku Ellis Park m'maso mwa munthu wa ku Zomba, wolemba wake ndinu.

Tsopano za mtengo. Ndikuuzani mosabisa, chifukwa ambiri amakhumudwa apa: zimbale zambiri za Rolling Stones si zodula. Gululi linagulitsa zimbale mamiliyoni ambirimbiri, ndipo chinthu chimene chili m'nyumba zambiri padziko sichikwera mtengo chifukwa choti chakalamba. Chimbale wamba cha m'ma 1980, chokandikakandika, chikuto chodyedwa ndi mphemvu, ngakhale ku London sichingakuguliremo zambiri. Musayembekezere kumanga nyumba ndi thirankiyo.

Koma pakati pa zimbale wamba pamabisala zina zimene osonkhanitsa amazisaka, ndipo apa ndi pamene bambo wa ku Blantyre uja akundikayikitsa. Sindikuti ndi wakuba ayi. Koma wogula thiranki yonse pamtengo umodzi ali ngati venda wogula chimanga chikadali m'munda: amadziwa kuti mwini wake sanawerenge matumba. Kawirikawiri amakhala waonamo ziwiri kapena zitatu zimene zingabweze ndalama yake yonse, zotsalazo n'kukhala phindu. Muuzeni mwaulemu kuti banja likuganizabe. Ngati akuzifunadi adzabweranso. Akayamba zoti mtengowu ndi wa lero lokha, dziwani kuti mulidi kanthu m'thirankimo.

Mudzazindikira bwanji? Tulutsani chimodzichimodzi, mugwire m'mphepete, muwerenge kapepala kozungulira ka pakati. Zimbale za gululi za m'ma 1960 zinkatuluka pa kampani ya Decca ku UK ndi London Records ku America. Kuyambira mu 1971 anayamba kutulutsa pa kampani yawoyawo, ija ya chizindikiro cha milomo ndi lilime lotuluka, chimene anajambula John Pasche. Choncho chokhala ndi dzina la Decca chiikeni pambali kaye. Pa za Decca za ku UK, nambala yoyamba ndi zilembo LK pa kapepala kofiira imasonyeza kuti ndi mono (mawu a njira imodzi), pamene SKL ndi stereo (mawu ogawika kumanzere ndi kumanja). Za mono za kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 zinadindidwa zochepa chifukwa anthu anali atayamba kukonda stereo, ndipo osonkhanitsa amazifuna. Chimbale chawo choyamba, cha mu Epulo 1964, chikuto chake cha ku UK chilibe dzina la gulu kutsogolo, pali chithunzi cha anyamata asanu ndi kachizindikiro ka Decca basi, ndiye musachidumphe poganiza kuti ndi cha anthu ena.

Werenganinso kuti chinadindidwa kuti. Popeza amalume ankagula ku Joni, zambiri zidzakhala zodindidwa ku South Africa komweko, ndipo mwina mupezamo za ku Rhodesia. Zimenezi musazinyoze. Zinkapangidwa zochepa poyerekeza ndi za ku UK kapena ku America, ndipo zina zili ndi zikuto kapena timapepala tosiyana, choncho alipo osonkhanitsa amene ali kale ndi chimbale chomwecho kuchokera m'mayiko khumi koma akusowa cha kum'mwera kwa Africa.

Zikuto nazo zili ndi nkhani zake, ndipo apa ndimachedwapo dala chifukwa ndi pamene mtima wanga uli. Sticky Fingers, cha mu 1971, chikuto chake ndi chithunzi cha buluku la jinzi, ganizo la katswiri wojambula wa ku America, Andy Warhol, ndipo zoyambirira zinali ndi zipi yeniyeni yotseguka. Zipiyo inkaononga zimbale zikapanikizana m'makatoni, mpaka kufakitale anayamba kuitsitsa kufika pakati kuti izikanda kapepala m'malo mwa nyimbo. Ku Spain, mu ulamuliro wa Franco, ounika anakana chikutocho ndipo chinatuluka ndi chithunzi china, cha zala zotuluka m'chitini. Amalume akamva zimenezi adzaseka, chifukwa ounika otero amawadziwa bwino. Their Satanic Majesties Request, cha mu 1967, choyambirira chili ndi chithunzi cha pulasitiki chimene chimaoneka ngati chikusuntha mukachipendeketsa. Exile on Main St., cha mu 1972, ndi zimbale ziwiri m'chikuto chimodzi, ndipo chinkabwera ndi mapositikhadi 12. Okhala nawo onse ndi ochepa, popeza anthu ankawamata pakhoma. Some Girls, cha mu 1978, chikuto choyamba chinali ndi nkhope za akazi otchuka a m'mafilimu amene sanapemphedwe chilolezo, ndipo atadandaula chinasinthidwa. Pa Let It Bleed ya ku UK, kuseri kwa chikuto kuli kabowo koonetsa mtundu wa pepala lam'kati, lofiira ngati ndi mono, labuluu ngati ndi stereo. Chilichonse chimene chinabwera ndi chimbale, kaya ndi positala, kaya pepala lam'kati, chisatayidwe, ngakhale chitaoneka chachabechabe.

Pomaliza pendeketsani chimbalecho padzuwa la m'mawa, muone pamalo osalala apakati pa nyimbo yomaliza ndi kapepala. Pali timanambala ndi tizilembo tozokotedwa. Timeneti ndi timene timasiyanitsa chodindidwa choyamba ndi chobwereza cha zaka khumi pambuyo pake, ngakhale zikuto zitafanana. Lembani zonsezi m'kope: mutu, kampani, nambala, dziko, ndi timanambalato. Kenaka pitani pa Discogs, komwe anthu padziko lonse amalembetsa ndi kugulitsa zimbale, mulembe nambalayo. Mudzaona chimbale chanu chenichenicho ndi mitengo imene anthu anagulira. Muyang'ane imene anagulira, osati imene ogulitsa akutchula, pakuti kutchula aliyense amatha. Kumbukiraninso kuti mitengo yapamwambayo ndi ya zimbale zooneka ngati zatsopano. Ogula amaziika m'magulu, kuyambira Mint, chimene sichinaimbidwepo, kutsika ku Near Mint, Very Good, Good mpaka Poor, ndipo kutsika gulu limodzi kumagwetsa mtengo kwambiri. Chimbale chimene chinavinitsa anthu pa maukwati ndi pa Khirisimasi kwa zaka makumi awiri sichingakhale pamwamba. Onjezanipo mtengo wotumizira katundu wosachedwa kusweka kuchokera ku Malawi kupita ku Ulaya, ndipo muona kuti zoyenera kugulitsa kunja ndi zochepa zedi.

Chinthu china: pa zikuto zambiri mudzapeza amalume analembapo dzina lawo ndi bolopeni, mwina ndi chaka, mwina ndi chenjezo kwa obwereka. Kwa ogula, zimenezi zimatsitsa mtengo. Ine ndimaona mosiyana. Ndikagula chimbale chakale n'kupezapo dzina ndi mudzi wa munthu, ndimachikonda kuposa choyera, chifukwa ndimadziwa kuti chinakhalapo ndi mwini amene ankaopa kuti chingasowe. Musayese kufufuta.

Kaya mugulitsa kaya ayi, zichoke m'thirankimo sabata ino. Zomba ndi malo okoma kukhalamo koma ndi oipa kwa zimbale. Mvula ya kuno ndi yambiri, chinyontho chotsika m'phiri chimalowa paliponse, ndipo miyezi ya chiperoni zovala zomwe zimanunkha m'kabati. M'thiranki yotseka, yokhala pa simenti, zikuto zimachita chuku, chukucho n'kulowa m'timizere ta nyimbo. Chiswe chikapeza njira chimatha makatoni onse, mphemvu zimadya guluu. Ikafika Okutobala vuto limatembenuka: pansi pa malata, kapena pafupi ndi windo lolowa dzuwa, chimbale chimapindika, ndipo chopindika kuchiwongola n'kovuta kwambiri. Zimbale zisagone chosanjikizana, chifukwa kulemera kwa zapamwamba kumapinda zapansi ndi kudinda mkombero pa zikuto. Ziime chilili, zogundana bwino koma zosapanikizana, pa shelefu yokwera kuchoka pansi, yosagunda khoma lakunja, m'chipinda chodutsa mphepo. Ya zipi ija muipatule ndi kakatoni kuti isakande zinzake. Akazi awo a amalume akunena zoona kuti thiranki ikudya malo, ndipo musawatsutse. Shelefu imodzi yooneka bwino pabalaza idya malo ochepa kuposa thirankiyo.

Kutsuka kwake n'kosavuta, koma apa ndi pamene anthu amaonongera. Osagwiritsa ntchito palafini, sipiriti, polishi kapena sopo wa ufa. Pezani madzi oyeretsedwa aja othira mu batire ya galimoto, ndipo muonetsetse kuti ndi madzi okhaokha, osati asidi. Madzi a pa mpopi kapena a pa mjigo amasiya zoyera m'timizere akauma. Dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale likwanira m'botolo lonse. Nyowetsani kansalu kofewa kosasiya ulusi, mupukute mozungulira kutsata mizere, osati modutsa, ndipo kapepala ka pakati kasanyowe. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, muimike pamthunzi mpaka chiume gwa, musanachibwezere. Chikuto cha chuku muchipukute ndi nsalu youma panja, chiwombedwe mphepo pamthunzi. Pepala lam'kati likakhala lachuku musabwezeremo chimbale chotsuka, lisungeni padera. Mukapezamo zimbale zolemera, zokhuthala, zolembedwa 78, zimenezo ndi za galamafoni yakale, zimasweka zikangogwa ndipo sipiriti amazisungunula. Musaziyese pa singano wamba.

Za gumbagumba inafa ija, musathamangire kuitaya. Nthawi zambiri chimene chafa ndi kalamba ka labala kozungulitsa mbale kapena singano, ndipo amisiri okonza mawailesi, makamaka achikulire, amazidziwa. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musaimbe chimbale chabwino ndi singano yakutha. Singano yobuntha imapala timizere, ndipo mawu akapalika sabwereranso. Chizolowezi chija choika kobiri pamwamba pa mkono kuti singano isadumphe chinapha zimbale zambiri m'dziko muno. Ikamadumpha, tsukani chimbale kapena sinthani singano. Ngati wachibale wa kunja akufuna kukutumizirani makina ena, muuzeni kuti magetsi a kuno ndi a 230 volts ndi 50 hertz, monga a ku South Africa ndi ku UK. A ku America ndi osiyana: makina ake amatha kupsa mukangowalumikiza, ndipo ena, ngakhale mutawaikira chotsitsa mphamvu, amazungulira mochedwa mpaka Jagger kumveka ngati wadzuka kumene. Zimbale zazikulu zimaimbidwa pa liwiro la 33, zing'onozing'ono pa 45. Makina ambiri amafuna ampulifaya yokhala ndi polowetsera polembedwa phono, apo ayi mawu amamveka kutali kwambiri. Ndipo mukatha kumvera zulani pulagi kukhoma, chifukwa magetsi akabwera mwamphamvu atazima amaotcha zinthu zakale zotere.

Mwina mufunsa kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani pamene nyimbo zomwezo zili pa YouTube. N'zoona, zilipo, ndipo zina zimamveka bwino kuposa pa chimbale chokandika. Koma mwanena kuti maso a amalume ayamba kuvuta. Munthu wotero foni simuthandiza kwenikweni, pamene chimbale amachidziwa ndi manja. Muwapatse chikuto agwire, ndipo ndikukhulupirira kuti adzakuuzani dzina lake, sitolo imene anagula, ndi nyimbo yoyamba ya mbali yachiwiri singano isanatere. Kucheza koyamba kuja, kojambula pa foni, mudzakuchitenso kachiwiri nyimbo ikulira, ndipo mudzamva zambiri zimene sanazikumbuke poyamba. Ngati pali anzawo amene anali nawo ku Joni, kaya ali ku Chinamwali, ku Domasi kapena ku Namadzi, aitaneni tsiku limenelo. Anthu awiri okumbukira shoo imodzi amakangana, wina akuti kunagwa mvula wina akuti ayi, ndipo m'kukanganamo ndi momwe mumatuluka nkhani zenizeni.

Maganizo anga ndi akuti mwini zimbale akadali moyo, chigamulo ndi chake. M'kalata yanu mwandiuza zimene akufuna bambo wa ku Blantyre ndi zimene akufuna akazi awo, koma simunandiuze zimene amalume eni ake akufuna. Afunseni. Ngati pakhomo pali vuto la ndalama, mwina la mankhwala a maso omwewo, palibe manyazi kugulitsa. Koma mugulitse chimodzichimodzi, mutadziwa chimene muli nacho, ndipo iwo asankhe zimene sangalekane nazo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinanso chimene ndikukupemphani mundiyang'anire. Mathiranki a anthu obwera ku Joni sakhala ndi gulu limodzi lokha. Pansi pa zimbale zazikuluzo pamakhala timbale ting'onoting'ono ta 45, tambiri topanda zikuto: simanjemanje, kwela, rumba ya ku Congo, ndipo mwa mwayi, oimba a kuno kwathu. Mukaona kena kolembedwa dzina la Kachamba, abale aja a ku Chileka, kapena kokhala ndi chizindikiro cha kampani ya Nzeru imene inkatulutsa nyimbo za Amalawi, kaikeni padera ndipo musakapereke kwa wogula aliyense ngati banyira. Chimbale cha Rolling Stones chikasweka ku Matawale, zilipo zinzake masauzande m'mayiko ena. Ta kuno tinadindidwa tochepa, tambiri tinatha ndi dzuwa ndi ana osewera, ndipo kamene muli nakoko katha kukhala kamodzi mwa tochepa totsala. Nyumba yosungira zakale ya dziko lino, National Archives, ili konkuno ku Zomba, ulendo wa kabaza kuchokera kwanu, ndipo ndi malo oyenera kukafunsa za kasungidwe kake. Mukamaliza kulemba m'kope muja, jambulani timapepala ta pakati ta timbale timeneti, mbali zonse ziwiri, munditumizire pa imelo yomweyi pamodzi ndi mndandanda wa za Decca, tidzaunike limodzi musanamuyankhe bambo uja.